Usipa Sudula Khadi

Lachitatu lapitali ndinakwera minibasi kuchokera ku Songwe kubwerera ku boma. Pambali panga panakhala mtsikana wa bizinesi, zitenje zake atazisanjika pamiyendo, foni ili kukhutu. Anali atapsa mtima ndi momwe anamuchedwetsera pachipata, ndipo mnzake wa pafoniyo anamva zonse. Anayamba ndi akalaliki, nakwera kwa nduna, mpaka anakafika pamwamba penipeni. Mayina akutchula, mawu osatsitsa.

Ine ndinangozindikira kuti ndasendera kuwindo. Maso anga anali akuyenda pankhope za anthu m'minibasimo, kufufuza amene akumvetsera kuposa anzake. Kenaka ndinamugwira bondo.

"Mwana wanga, tsitsa mawu."

Anachotsa foni kukhutu nandiyang'ana ngati ndamupempha chinthu chachilendo. "Amama, kasi mukuopa ndani?"

Minibasi yonse inaseka. Inenso ndinamwetulira. Ndikuopa ndani? Munthuyo sindikumudziwa. Sindinamudziwepo. Ndipo nkhani yanga ya sabata ino ndi imeneyo.

Ndinayamba uphunzitsi m'zaka za chipani chimodzi, pa sekondale ina ya m'boma lathu lino la Karonga. Dzina lake ndilisiya. Ndinali mtsikana wa ku Lupembe, siketi yofika kuakakolo monga lamulo linkafunira, khadi la chipani m'chikwama nthawi zonse, chifukwa popanda ilo sukanalowa mumsika ngakhale kukwera basi. Anyamata a malaya ofiira ankaima pachipata, ndipo sankafunsa kawiri.

Pasukulupo panali aphunzitsi awiri omwe sunkatchula wina osatchula mnzake. A Mwangomba anali Mnkhonde wa chakumalire, wamtali, woseka ndi thupi lonse. Ankaphunzitsa jogalafe komanso ndiwo ankasunga kiyi ya laibulale, kachipinda kotentha komwe iwo ankakasesa okha. A Kamwendo anali a masamu, ochokera ku Ntcheu. Anabwera kuno osadziwa ngakhale kupereka moni m'chiyankhulo chathu, akudandaula kutentha, akudwala malungo mwezi ndi mwezi. Anawatola ndi a Mwangomba. Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi, a Kamwendo ankakadya mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, kunyumba kwa anzawowo, ndipo ana a pakhomopo ankawatcha amalume.

Tsiku lina kunabwera bambo wa ku ofesi ndi pepala la mabuku oletsedwa. Anatiwerengera tonse titaimirira. Mwa mabuku onse omwe anatchula, mu laibulale yathu munali ochepa kwambiri, oti mwana akanawanyamula ndi dzanja limodzi. Bamboyo anawatenga, namwa tiyi, nkumapita.

Zikanathera pomwepo. Koma kodi mantha amathera pomwe pepala lathera?

A hedi athu sanali munthu woipa. Anali ndi ana ambiri komanso atatsala pang'ono kupuma ntchito. Galimoto ya bamboyo itangochoka anatiitana.

"Lero atenga awa. Mawa adzabwera ndi pepala lina, ndipo adzafunsa kuti bwanji simunaone nokha. Chilichonse chokayikitsa chituluke."

"Chokayikitsa ndiye chotani, a hedi?" anafunsa a Mwangomba.

"Ngati mwafunsa mumtima kuti kodi ili lili bwino, ndiye kuti silili bwino."

Tinagwira ntchitoyo masana onse. Buku lililonse losindikizidwa kutsidya kwa Songwe linatuluka. Lililonse la chikuto chofiira linatuluka. Buku la sayansi linatuluka chifukwa linali ndi chithunzi cha m'mimba mwa mayi woyembekezera. Buku la ulimi wa mpunga, m'dziko la mpunga lino, linatuluka chifukwa pachikuto panali zenga lomwetera, ndipo wina anakumbuka kuti chida chimenecho chili pa mbendera ya dziko lomwe boma lathu linkadana nalo. Mabuku a Chitumbuka anali atachotsedwa kale zaka zam'mbuyo, koma ochepa omwe anatsalira kuseri kwa kabati anapita nawo. Tinawaunjika kuseri kwa khitchini, wophikira ana anabweretsa khala la moto.

Simunaonepo buku likupsa, inu achinyamata. Silipsa msanga. Limayamba kutseguka lokha, tsamba ndi tsamba, ngati pali wina akufuna kuliwerenga komaliza.

A Mwangomba anaima patali, manja kumbuyo. Buku limodzi lokha sanapereke: buku lalikulu la mapu lomwe mchimwene wawo, wamalonda, anawagulira kutsidya. Mabuku a mapu a pasukulupo anali akale, ong'ambika, ena akuonetsabe mayiko ndi mayina a nthawi ya atsamunda. Ili linali latsopano, mapiri ndi mitsinje zikuoneka bwinobwino. Vuto lake linali tsamba limodzi. Patsambalo nyanja yathuyi inalembedwa dzina lina, ndipo mzere wa malire unadutsa pakati pa madzi, monga anzathu a kutsidya amanenera.

Musaganize kuti a Mwangomba anali munthu wolimbana ndi boma. Ayi. Anatenga phala la chinangwa, namata tsambalo ndi linzake, kuti lisatsegukenso. Anandionetsa okha.

"Mayi Msukwa, taonani. Tsopano nyanja kulibe. Ana aphunzire za mapiri mwamtendere."

M'mawa wotsatira, pa nthawi ya tiyi m'chipinda cha aphunzitsi, nkhani ya tsamba lomatalo inatuluka. Tinalimo ochepa: ine, a hedi, a Kamwendo, ndi aphunzitsi ena awiri. Chitseko chinali chotseka. A Mwangomba, mwa chizolowezi chawo, anaponya nthabwala.

"Anthu akukanganirana nyanja, koma nyanjayo sidziwa kuti ndi ya yani. Usipa sudula khadi."

Tinaseka tonse. Ndikukumbuka bwino kuti tonse tinaseka, ngakhale a hedi, ngakhale anatseka pakamwa ndi dzanja. Ndakhala ndikuibwereza mphindi imeneyo m'mutu mwanga kwa moyo wanga wonse, kuyang'ana nkhope ndi nkhope, kufuna kupeza amene kuseka kwake kunachedwa. Sindinamupeze.

Sabata isanathe kunabwera galimoto ina, yopanda chizindikiro. Unali m'mawa, ana ali m'makalasi. Munatsika amuna awiri ovala ngati akalaliki, pamodzi ndi wapampando wa chipani wa dera lathu. Sanafunse njira ya ku laibulale. Sanafufuze m'mashelefu. Anapita molunjika pa kabati, nawerama, natulutsa buku la mapu lija pomwe linkakhala. Mmodzi anatsegula pa tsamba lomatalo nalilozetsa kudzuwa. Mzere uja unaonekera.

Ine ndinali pakhonde ndi choko m'manja pamene ankawatulutsa a Mwangomba m'kalasi. Wamkulu wa amuna aja analankhula mofatsa, ngati akufunsa za mvula.

"Ndinu aphunzitsi aja mumati usipa sudula khadi?"

A Mwangomba sanayang'ane wofunsayo. Anatembenuka nayang'ana ife anzawo, omwe tinali titatuluka m'makalasi. Anatiyang'ana mmodzimmodzi. Kenaka anapereka kiyi ya laibulale kwa a hedi, nalowa m'galimoto.

Panalibe mlandu, panalibe khoti. Sitinauzidwe komwe apita.

Tsono mverani chomwe chinachitika kwa ife otsala, chifukwa ndicho anthu amaiwala akamakamba za nthawi imeneyo. Amakamba za otengedwa. Za otsala sakamba.

Tiyi wa m'mawa anafa. Aliyense ankalowa, kuthira, kutuluka. Tikakhala pansi, nkhani inali ya kutentha basi. Mnzako akafunsa kuti kumudzi ali bwanji, unkayamba waganiza kuti akufuniranji kudziwa. Sabata imeneyo, masana dzuwa lili pamutu, utsi unkafuka kuseri kwa nyumba za aphunzitsi pa nthawi yomwe munthu saphika. Palibe anatilamula. Palibe pepala linabwera. Aliyense ankatentha ake, ndipo aliyense ankanamizira kuti sakuona utsi wa mnzake. Bambo anga ku Lupembe atamva nkhaniyi anaponya m'chimbudzi mabuku omwe ndinasiya kumudzi, pamodzi ndi buku lawo la nyimbo za m'tchalitchi, poti linali la Chitumbuka ndipo sanafune kufunsidwa.

Boma linaletsa mabuku odzaza dzanja limodzi. Otsalawo tinawamaliza tokha.

Ndipo popeza mtima wa munthu sukhala ndi funso lopanda yankho, anthu anasankha yankho. Anasankha a Kamwendo. Sanali a kuno. Chichewa chawo chinali chomwe chija cha pa wailesi, chomwe chija cha amuna a m'galimoto. Ankalowa m'nyumba ya a Mwangomba ngati kwawo. Kodi panafunikanso umboni wina?

Mayi Mwangomba anauzidwa kuti atuluke m'nyumba ya sukulu. Tsiku losamuka ine ndinapita kukathandiza kumanga mitolo. Tili mkati, a Kamwendo anafika akukankha wilibala. Maso awo anali ofiira.

"Mlamu, ndabwera ndikunyamulireniko mpaka pamsewu."

Mayiwo sanakweze mawu. Anaika mbale zomwe anagwira pansi.

"Munadya m'mbale izi. Musazikhudzenso."

"Mlamu, Mulungu akuona, ine sindinanene kanthu kwa munthu."

"Kyala akuona, inde. Tengani wilibala yanu."

Kamwana kawo kakang'ono kanathamangira kwa amalume ake, mayi ake nkukakoka pamkono. A Kamwendo anabwerera ndi wilibala yopanda kanthu, ikulira njira yonse mpaka kunyumba kwawo.

Kuyambira pamenepo a Kamwendo anali ngati munthu wa nthenda yopatsirana. Akafika pamsika amayi ankasiya nkhani, nkuwagulitsa nsomba osawayang'ana kumaso. Akapita ku Ngara kukagula kwa asodzi, asodzi ankati zonse zagulidwa kale, nsomba zili poyera. M'kalasi ana ankangokhala duu, osafunsa funso. Atatopa anapempha kuti asamutsidwe, ndipo atawalola anthu anati, mwaona, amulipira.

Musaganize kuti ine ndinapulumuka. Msuweni wanga anali wapolisi ku boma, ndipo zimenezo zinkadziwika. Panali anzanga omwe anasiya kubwera kwanga. Mayi wina wa kwaya yathu ankasintha malo ndikakhala pafupi naye. Ndinkadziwa chifukwa chake, koma ukanena kuti si ine, ndiye kuti wavomera kuti funsolo likukukhudza.

Tsiku lomwe a Kamwendo ankachoka ndinakumana nawo pamsewu akudikira basi, sutukesi imodzi ndi matiresi okulunga. Panalibe wowaperekeza. Tinapatsana moni, tinakamba za kuchedwa kwa basi. Kenaka anandifunsa.

"Mayi Msukwa, inunso mumaganiza kuti ndine?"

Ndinawauza zoona. "Sindikudziwa, a Kamwendo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, osakwiya. "Palibe kanthu. Inenso masiku ena ndimaganiza kuti ndinu."

Basi inabwera, nkumapita.

A Mwangomba anatuluka patapita zaka zingapo, monga momwe analowera, popanda wowafotokozera chifukwa. Uphunzitsi anawaletsa. Anabwerera kumudzi kwawo chakumalire nayamba kulima mpunga. Ndinakawaona tsiku lina Loweruka. Ndinapeza munthu wowonda, mano akutsogolo atatha, atakhala pamthunzi wa nthochi akusoka thumba. Anandilandira bwino. Ndinali nditawatengera nyuzipepala ya boma yomweyo, yololedwa, poganiza kuti munthu wokonda kuwerenga ngati iwo asangalala. Anaiyang'ana ili m'manja mwanga.

"Ndaga, mayi, zikomo. Koma bwererani nayo. Pakhomo pano sipalowa pepala."

Mayi Mwangomba anali kumunda, ana atapita kumadzi. Ndinalimba mtima ndikufunsa funso lomwe linandibweretsa.

"Kumene munaliko, sanakuuzeni amene ananena?"

Anaseka, koma sikunali kuseka kuja kwa thupi lonse.

"Akuuze kuti atani? Kukuuza ndiye kukumasula. Iwo ankangobwereza mawu anga, ena oti ndinayankhula m'sitafu, ena oti ndinayankhula ndili pakhonde panga. Ndiye umakhala m'menemo, tsiku lonse ulibe chochita, umayamba kusankha. Lero ndi Kamwendo. Mawa ndi a hedi. Mkuja ndi inu, mayi, mundikhululukire. Masiku ena ndinkaganiza mchimwene wanga amene anandigulira bukulo." Anasiya kusoka. "Panali mwezi wathunthu ndinkaganiza mayi a ana angawa."

"Nanga panopa?"

"Panopa ndimagona nawo nyumba imodzi. Timakamba za mpunga."

Mwana wawo wamkazi woyamba anali wanzeru ngati bambo ake. Ndinamva kwa mayi ake kuti tsiku lina anabwera ndi kabuku ka nthano kobwereka kwa mnzake, bambo ake nkukalanda, nkukaponya m'madzi a m'munda wa mpunga. Mtsikanayo sanapitirire ndi sukulu. Munthu yemwe ankasesa yekha laibulale analera ana oopa buku. Ndiuzeni ngati pali lamulo loletsa mabuku lomwe lingachite zoposa pamenepa.

Zipani zitachuluka tinavina m'misewu. Tinkati tsopano zonse ziululika, tidzadziwa amene ankanena za anzawo. Kuno kwathu palibe anabwera kudzatiuza. Amuna a m'galimoto aja anakalamba m'midzi mwawo, ena nkukhala akulu a mpingo. A hedi anamwalira. Mmodzi wa aphunzitsi awiri aja anamwalira, winayo anapita kutali. Yankho likuikidwa m'manda pang'onopang'ono, munthu ndi munthu.

Masiku ano ndikamamva anthu akunena kuti buku lakutilakuti lichotsedwe m'sukulu chifukwa liwononga ana, sindifunsa kuti bukulo ndi labwino kapena loipa. Mwina ndi loipadi. Ndimangoganiza za mphunzitsi wamkulu wa ana ambiri amene adzachotse khumi ena kuti asafunsidwe. Ndipo ndikamamva ophunzira bwino akunena kuti nkoyenera kuti akuluakulu azitha kuona zomwe timalemberana pa mafoni, poti wosalakwa alibe choopa, ndimafuna kuwafunsa kuti anabadwa liti. A Mwangomba analakwa chiyani? Tsamba lija analimata okha. Kale, kuti mawu ako akafike ku ofesi, pankafunika munthu wa miyendo iwiri, wokhala nawe pa tiyi, woti mwina tsiku lina chikumbumtima chimugwira. Lero khutulo timaligula tokha, timalilembetsa ndi chiphaso chathu, timalitchaja, timagona nalo kumutu. Wosalakwa alibe choopa lero. Nanga mawa, akasintha tanthauzo la kulakwa, mawu ako a dzana ali pomwepo osafufutika?

Koma ngakhale zimenezo si zomwe zimandilemera kwambiri.

A Mwangomba anamwalira chaka chatha, nthawi yokolola. Pamaliro panadzaza, ambiri anali ana awo a sukulu akale, tsopano a imvi. Mwambo uli mkati kunafika nkhalamba ya ndodo, jekete lakuda lotuwa ndi fumbi la ulendo. Ndinaizindikira ndi kayendedwe. A Kamwendo anamva uthenga wa maliro pa wailesi, nakwera basi kuchokera ku Ntcheu, ulendo wa tsiku lonse ndi kupitirira, pa msinkhu umenewo.

Anapita pomwe panakhala azibambo. Pabenchi panali malo. Amuna omwe anali pamenepo anasuntha, mmodzi uku wina uko, mpaka nkhalambayo inatsala yokha pakati pa benchi. Ena mwa osunthawo anali asanabadwe pamene zonsezi zinkachitika. Anangouzidwa ndi makolo awo.

Woyendetsa mwambo atafunsa ngati pali mnzawo wa kuntchito woti anenepo mawu, a Kamwendo anayamba kudzuka, akutsamira ndodo. Mwana wamwamuna wa malemu, yemwe kale ankawatcha amalume, anapita kukanong'oneza woyendetsa mwamboyo. Kwaya inayambitsa nyimbo. A Kamwendo anaima pang'ono, nakhalanso pansi.

Titachoka kumanda ndinawapeza ataima pamsewu. Anandizindikira.

"Mayi Msukwa, mwakalamba."

"Inunso, a Kamwendo."

"Ndimafuna ndingonena kuti anali mnzanga. Basi. Ndinakonza mawu ochepa." Anagwira thumba la jekete. "Kodi iye, asanapite, ananenapo kanthu za ine?"

Ndikanatha kunama. Nkhalamba yayenda mtunda wonsewo, bodza laling'ono likanaiperekeza bwino. Koma a Mwangomba sanasiye mawu otero, ndipo ndinawauza kuti sindinamvepo. Anati zikomo.

Ndinawatengera kwa mchemwali wanga kuti akamwe madzi ndi kudya asanayambe ulendo. Anadya pang'ono. Ndinawayang'ana akusamba m'manja, munthu wotopa, wopanda mnzake m'boma lonse lino. Chisoni chinandigwira. Ndipo pomwepo, m'kati mwa chisoni chomwecho, kamawu kena kanafunsa m'mutu mwanga: kodi munthu wosalakwa angayende ulendo wonsewu? Kapena chamubweretsa ndi chikumbumtima?

Ngati ananena ndi iwo, ndiye kuti tinadyetsa wopereka mnzake. Ngati sanali iwo, ndiye kuti boma lonse la Karonga linazunza munthu wosalakwa kwa moyo wake wonse, popanda wapolisi ndi mmodzi yemwe wotithandiza. Ndinawaperekeza mpaka anakwera, tinagwirana chanza, ndipo mpaka lero sindikudziwa kuti ndinagwira dzanja la ndani.

Chipani chija chinagwa, inde. Mabuku tingagule ena. Koma ndiuzeni, inu amene mumati zimenezi ndi zakale: munthu amapita ku ofesi iti kuti akamubwezere mtima wokhulupirira mnzake?